Mmera Woyera M'beseni la Amake Tisa

Natasha, bwera nalo kuno buku lakolo. Dzulo ndinakumva ukufunsa atate ako za timabokosi tinayi tija anakujambulira aphunzitsi, ta nsawawa zazitali ndi zazifupi. Atate ako anakanda mutu, iwe n'kupita kukafunsa foni. Ine ndinali pampando pomwe pano, palibe ndi mmodzi yemwe amene anandicheukira. Mumaona ngati agogo anu ndinabadwa ndi ndodo ndi chipewa, ntchito yanga kufunsa ngati madzi abwera kumpopi. Khalani pansi nonse, ndi iwe Juniya, leka kukanda chipupa. Zimene zili m'bukumo ine ndinazigwira ndi manja awa zaka khumi ndi zinayi, ndipo zinatsala pang'ono kundithetsera banja. Ayi, ndanama. Amene anatsala pang'ono kuthetsa banja ndine.

Ndinabwera ku Lusaka kuchokera kwathu ku Katete ndili mnyamata wa ndevu zitatu, nsapato zili m'manja kuopa kuzitha. Komboni yathu ino ya George nthawi imeneyo sinali iyi ya mipanda ya mabuloko. Nyumba zinali zadothi, malata opsinja ndi miyala, ndipo mphepo ya mu Ogasiti ikabwera unkatha kupeza denga lako lili pa chimbudzi cha mnzako. Msuweni wanga anandipezera ntchito pa famu ina yofufuza za mbewu kunja kwa tauni. Ndinkaganiza kuti ndikukagwira khasu. Anandipatsa pensulo ndi mtolo wa timatumba ta pepala.

Mvetserani bwino, chifukwa inu chimanga mumachidziwa chili chootcha kale pamsewu. Chimanga chili ndi mwamuna ndi mkazi pa phesi limodzi. Ngayaye ija ya pamwamba ndiye mwamuna, imathothola mungu, kafumbi kachikasu. Ndevu zotuluka pa chitsononkho ndiye mkazi. M'munda wamba imakwatitsa ndi mphepo, ndipo mphepo sifunsa kuti uyu ndi mwana wa yani. Ife ntchito yathu inali kuletsa chisawawa chimenechi. Chitsononkho chisanatulutse ndevu tinkachiveka kathumba, ngayaye nayo thumba lake lakhaki. M'mawa mame akauma tinkagwedeza ngayaye, kutenga mungu, kukathira pa ndevu zimene bwana walemba, kutsekanso, n'kulemba nambala. Apongozi anga atandifunsa ntchito imene ndimagwira, ndinayankha kuti ndimaveka chimanga zipewa. Anayang'ana mwana wawo mwachisoni, koma ukwati unali utachitika kale.

Bwana wathu tinkamutcha Kapensulo, chifukwa pensulo sinkachoka kukhutu kwake ngakhale pakudya. Anali munthu wakuda mnzathu, wophunzira kunja, wosakonda kukalipa. Nthawi yopuma ankatikhazika pansi pa mtengo n'kumatiuza za wansembe wina wa ku Ulaya wakalekale, yemweyo ali m'buku lakolo. Wansembeyo anatenga nsawawa yaitali n'kuikwatitsa ndi yaifupi. Ana onse anatuluka aatali. Munthu wamba akanati ufupi wafa, n'kusamba m'manja kupita kukadya. Koma iye, poti analibe mkazi womuitana kuti chakudya chikuzizira, anadzalanso anawo n'kuwasiya adzikwatire okha. Pa adzukulu anayi alionse, atatu anatuluka aatali, mmodzi wamfupi. Ufupi sunafe, unangobisala. Ndipo kuti utulukenso umayenera kuchokera mbali zonse ziwiri, kwa tate ndi kwa mayi. Mawu amenewa Kapensulo ankawabwereza mpaka ife tinkawayankhira pamodzi ngati katekisimu.

Ife tinazionera pa chimanga. Panali mtundu wina umene tikauthira mungu wake womwe, mbewu zake zikamera, mmera wina unkatuluka woyera mbee, wopanda kubiriwira ngakhale pang'ono, pamene phesi limene linaubala linali lobiriwira bwinobwino. Wowerenga mmera umenewu ndinali ine. Ndinkayenda chowerama mzere ndi mzere, obiriwira angati, oyera angati, kulemba m'kabuku. Mbewu za mtundu umenewu zinkasungidwa mu envulopu yolembedwa mtanda wofiira.

Kenako mkuwa unagwa mtengo, dziko n'kuyamba kuonda. Inu mukalowa m'sitolo mumadandaula kuti sopo wa fungo la mandimu watha, kwatsala wa fungo la maluwa. Ife tinkaona mzere n'kuimapo kaye, zofunsa kuti akugulitsa chiyani pambuyo. Tsiku lina ndinaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu ndikuganiza kuti ndi mafuta ophikira, pofika kutsogolo n'kupeza ndi makandulo. Ndinagula, nanga ndikanabwerera chimanjamanja? Ufa, umene inu mumati unga, ukamveka kuti ukubwera, komboni yonse inkasamukira kusitolo.

Kufamu nako zinthu zinayamba kutha chimodzichimodzi. Oyamba kutha anali matumba a pepala. Tinayamba kusita akale, kenako kudula mapepala a simenti, kenako nyuzipepala, moti chimanga chinkakwatiwa chitavala nkhope za akuluakulu akulonjeza kuti chuma chikwera chaka chamawa. Mvula ikagwa akuluakuluwo ankasungunuka. Thirakitala inakhala pa miyala, nkhuku n'kumaikira pampando wa dalaivala. Kapensulo anapirira ndithu, mpaka tsiku limene anapeza alonda akukazinga mbewu zimene iye anakhala akusankha zaka khumi. Sanakalipe. Anawafunsa ngati zikukoma, iwo n'kuyankha kuti zikusowa kamchere. Mwezi wotsatira anapita kukagwira ntchito dziko lina. Ife akuluakulu a famuyo anatiitana, kutigwira chanza, n'kutiuza kuti tikapumuleko kaye kunyumba mpaka zinthu zitakhala bwino. Mpaka lero ndikupumula.

Pochoka ndinanyamula maenvulopu angapo m'thumba la jekete. Osati kuba, iwe Juniya, usandiyang'ane choncho. Ndinawapulumutsa kwa alonda. Ndinawaika m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi n'kuuza agogo anu aakazi, amake Tisa, kuti iyi ya mtanda wofiira osaphika, osadzala, imabala zoyera. Iwo nthawi imeneyo ndi amene ankadyetsa banja ndi zitumbuwa zogulitsa pamsewu. Ine, poti ndinalibe chochita, ndinkakhala pakhomo iwo akukazinga, n'kumawaphunzitsa za wansembe ndi nsawawa zake. Sankayankha. Ndinkaganiza kuti sakumva, ndiye ndinkabwereza. Mukumva kutsokomola kukhitchiniko? Ndi iwowo, akufuna ndidziwe kuti akumvetsera ngati ndinama.

Njala itakula, anthu a mu George tinagawana timinda kudambo cha ku Chunga. Mnansi wathu, ba Mulenga, chaka china anagula mbewu ya hayibulidi, n'kukolola zitsononkho zazikulu ngati mkono. Anachita zimene aliyense wochokera kumudzi amachita: anasankha zazikulu, kuzipachika pa utsi, chaka chotsatira n'kudzala. Munda unatuluka wosokonekera, phesi ili lalitali, ili lofika m'chiuno, ili lopanda mwana. Anabwera kutavani maso ali psuu.

"Ba Sakala, ivi vinthu ni vamankhwala," anatero. "Mbeu imodzi, munda umodzi, manje chimanga chachoka monga banthu ba mu minibasi, aliyense na nkhope yake. Ni bamai baja ba munda wa pambali. Mawa nibwera na ng'anga."

Ndinasonkhanitsa zitsekerero za mabotolo patebulo, zina chagada zina chafufumimba, n'kumuonetsa. Ndinati hayibulidi ndi mwana wa makolo awiri osiyana, iye amaoneka bwino, koma ana ake amatulutsa zonse zimene agogo awo anabisa. Palibe wakulodzani, mwadzilodza nokha posunga mbewu. Mayi wosalakwa uja anapulumuka, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasintha, ndinakhala ba Profesa.

Ana inu, dzinali linandikomera kuposa mowa. Ndinayamba kuika pensulo kukhutu. Anthu ankandibweretsera milandu ya nkhuku, kuti thadzi lakuda laswa bwanji kamwanapiye koyera. Ena ankabwera ndi tiana ta galu m'katoni. Pa maliro ankandipatsa mpando, anzanga atakhala pa njerwa. Ntchito ndinalibe, nsapato zinali zitang'ambika, koma ndinkayenda mu George manja kumbuyo ngati ndikuyendera munda wanga.

Pamenepo tinali ndi ana atatu, azakhali anu a Tisa, a Bitilisi ndi a Neliya, onse akuda ngati ine. Amake Tisa anali ndi pakati pachinayi, ine mtima uli pa mwana wamwamuna. Tsiku lake litafika ndinapita kuchipatala nditavala jekete. Namwino anandiuza kuti ndi mwamuna, koma sanamwetulire. Ndinalowa, ndinavundukula kansalu. Mwana anali woyera, tsitsi lake ngati ndevu za chimanga chachiwisi, timaso akutitsinzina kuopa kuwala. Ndinabweza kansaluko, ndinatuluka. Sindinamugwire. Mwanayo ndi atate anu, a Dalitso, omwewa mumawabisira mafuta awo odzola padzuwa mukafuna kuwaseka.

Werengani nokha: atatu ndi mmodzi. Kapensulo akanati ana anayi ndi ochepa, sungatsimikizirepo kanthu, ndipo n'zoona, zinangogwa choncho. Koma ngakhale zinagwa ndendende ngati m'buku, Profesa sanaone. Nzeru zanga zinali za chimanga cha anthu ena ndi nkhuku za anthu ena. Zitalowa m'nyumba mwanga, ndinangoona manyazi.

Mawa lake anafika alongo anga aakulu, a Tereza, kuchokera ku Matero. Anasuzumira mwana kamodzi, n'kumutchula dzina lija loipa limene anthu ankatchula alubino, limene m'nyumba muno sililowa. Kenako anandikokera panja.

"Lazalo, kwathu kulibe zotere," anatero. "Kuyambira agogo athu, kulibe. Mkazi wakoyu akuuze bwino kumene wazitenga."

Komboni inathandiza kufufuza, poti anthu osagwira ntchito nthawi amakhala nayo. Ena anati amake Tisa anakumana ndi mwalubino kumsika ali ndi pakati n'kuiwala kudzilavulira pachifuwa, monga ankachitira amayi masiku amenewo. Ena anati ndi abambo mfumu a kutchalitchi, mzungu wokalamba amene ngakhale njinga ankachita kumukweza. Koma amene anapambana pa mavoti anali mzungu wina wokumba zitsime, amene anadutsa mu George kamodzi chaka chapitacho n'kugula zitumbuwa ziwiri. Alongo anga anati apo ndi pomwepo, munthu wanji wogula ziwiri. Ine, munthu amene ndinaletsa ba Mulenga kuitana ng'anga, ndinagwedeza mutu kuvomereza kuti zitumbuwa ziwiri n'zokayikitsadi.

Mukuseka, sekani. Koma m'nyumba muno munalibe choseketsa. Amayi a m'komboni analeka kugula zitumbuwa zathu, ati mwayi ungathawe. Kumpopi agogo anu akafika, anzawo ankasuntha zidebe. Ine ndinasamukira pa mphasa pabalaza. Masabata asanu ndi awiri sindinamunyamule mwanayo, sindinamuyang'ane kumaso, ngakhale dzina sindinamupatse. La Dalitso anamutcha amake okha. Akalira ine ndinkatuluka kupita kutavani, kumene ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti mbewu imeneyi si yanga. Zimenezi ndikukuuzani ndekha kuti musadzazimve kwa wina.

Pomaliza ndinaitanitsa ankhoswe. Mbali yanga anali amalume anga a Chikuse a ku Chawama, nkhalamba yosalankhulalankhula. Mbali ya amake Tisa anali achimwene awo a ku Kanyama. Tinapangana Loweruka la sabata yotsatira. Cholinga changa chinali chimodzi, kuti mkazi abwerere ku Katete ndi mwana wake. Ndinkadziwa bwino kuti pa Chichewa ana amatsata mayi, kuti akakwera basi akwera ndi onse anayi, ine n'kutsala ndi bokosi lachitsulo. Ndinkadziwa, koma khosi linali litauma.

Amake Tisa atamva za tsikulo sanalire, sanandipemphe kanthu. Ndinangowaona akutenga beseni lakale lobooka, kulidzaza dothi, kukaliika kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse ankalithirira ndi madzi otsala posambitsa mwana. Ndinaganiza kuti afesa repu, ndipo mumtima ndinati taonani mkazi wopanda nzeru, akufesa ndiwo zimene sadzadya.

Loweruka linafika. Tinakhala pabalaza pomwe pano, tebulo lili pakati. Alongo anga analankhula nthawi yaitali, kuyambira pa agogo athu mpaka pa zitumbuwa ziwiri zija. Ine ndinawonjezera pang'ono, pensulo ili kukhutu, mawu ndikuwakoka ngati munthu wophunzira. Alamu anga a ku Kanyama anangozyolika, chipewa akuchipotokola m'manja. Kenako amalume anati, "Amake Tisa, mwamva. Muli ndi mawu?"

Anapereka mwana kwa achimwene awo, anatuluka. Pobwera ananyamula beseni lija, n'kuliika patebulo, dothi likugwera pa nsalu yoluka imene tinkayala kukabwera alendo. Munali mmera wa chimanga wotalika ngati chala, wothithikana. Wambiri wobiriwira, koma apa ndi apo woyera mbee.

"Atate ake Tisa," anatero, "ine sukulu sindinapite. Tandithandizani kuwerenga."

Ana inu, chizolowezi ndi chinthu choopsa. Mutu usanaganize, chala chinali chitayamba kale ntchito. Ndinawerama pamaso pa ankhoswe n'kuwerenga monga ndinkachitira kufamu. Obiriwira makumi atatu ndi umodzi, oyera asanu ndi anayi. Ndipo pakamwa panga, popanda kundifunsa, panatuluka mawu akuti, "Pafupifupi atatu kwa mmodzi."

"Zikomo," anatero. "Mbewuzi ndatenga mu envulopu yanu ya mtanda wofiira. Phesi limene linabala mbewuzi linali loyera?"

"Linali lobiriwira."

"Analiveka chipewa ndani kuti mungu wachilendo usalowe?"

"Ndine."

"Ndiye mzungu analowera pati?"

Alamu anga anayesa kubisa kuseka m'chifuwa, n'kutsamwa. Ine ndinayang'ana beseni. Amake Tisa sanakweze mawu, anapitiriza ngati akuuza mwana mtengo wa chitumbuwa.

"Zaka zonsezi ine ndikupsa ndi mafuta, inu muli pakhomo kundiuza kuti choyera sichituluka pokhapokha chichokere kwa tate ndi kwa mayi. Ndinamva mpaka makutu kuwawa. Mwauza a Mulenga, mwauza eni nkhuku, mwauza eni agalu. Ine mbali yanga ndaivomera, ilipo m'magazi anga ngakhale sindikudziwa kumene inachokera. Yanu mukuikana bwanji?"

Alongo anga anaimirira. "Munthu si chimanga," anatero. "Musatibweretsere za m'beseni pano. Ndanena kale, kwathu kulibe."

"Tereza, khala pansi," anatero amalume. Aka kanali koyamba kuwamva akulamula munthu. "Lazalo sadziwa, anali asanabadwe. Koma iwe unali wamkulu wotha kutunga madzi. Pakati pa iwe ndi Lazalo panali mwana. Anabadwa chonchi, ngati uyu. Azamba anatuluka n'kulengeza kuti wapita padera, ndipo mudzi wonse unavomera kuti wapita padera. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe. Ndinamumva akulira."

Alongo anga anakhala pansi pang'onopang'ono, anakoka chitenje n'kuphimba kumaso, mapewa akugwedezeka. Amalume anati mayi anga sanaseke chaka chathunthu, ndipo iwo amalumewo anasunga nkhaniyi moyo wawo wonse chifukwa panalibe amene anawafunsa. Ine ndinamva chisoni cha mbale wanga amene sindinamudziwe, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Azamba aja anali anthu osaphunzira, amantha, a nthawi yawo. Ine ndinali ndi pensulo kukhutu.

Koma musaganize kuti munthu amasiya uprofesa tsiku limodzi. Ndinakonza kukhosi n'kunena kuti, "Chabwino, nkhani yamveka. Yatha. Amake Tisa akhale." Ndinanena ngati ndikuwapatsa mphatso.

"Sinathe," anatero agogo anu. "Simunandinyozere m'nyumba muno. Munandinyozera kutavani, kumpopi anamva, pamzere anamva. Lolemba kukubwera ufa kusitolo. Mwanayu mudzamunyamula inu, mudzaima naye pamzere, ine ndili kumbuyo kwanu. Mukakana, musavutike kundithamangitsa. Basi ya ku Katete ndikuidziwa pamene imaima."

Ndinayang'ana amalume kuti andithandize. Iwo anali akuvala chipewa. Anangoti, "Ufa ukabwera mundisungireko."

Ndisanafike pa Lolemba, ndikuuzeni ziwiri. Choyamba, alongo anga pa chinthu chimodzi sananame: munthu si chimanga. Mmera woyera uja umafota pakapita masabata awiri kapena atatu, chifukwa chimanga chimadya ndi kubiriwira kwake. Munthu amadya ndi pakamwa. Atate anu chimene ankafuna ndi mthunzi, malaya a manja aatali ndi mpando wa kutsogolo m'kalasi, basi. Ndipo amene anawasokera zipewa zonse za ubwana wawo, chaka ndi chaka mutu ukamakula, ndi a Tereza omwewo. Sanapepese ndi pakamwa, ankangofika kuchokera ku Matero ndi chipewa chatsopano. Chachiwiri, inu nonse atatu mwatuluka akuda ngati amayi anu, koma aliyense wa inu ananyamula choyeracho, chili chete m'kati. Mwina sichidzaoneka. Mwina mudzakwatirana ndi wina wochinyamulanso, chidzatuluka. Tsiku limenelo ndisadzamve, ngakhale ndili kumanda, kuti mdzukulu wa Sakala akufufuza amene anagula zitumbuwa.

Lolemba m'mawa amake Tisa anamukulunga mwana m'kansalu n'kundipatsa. Manja anga sanadziwe pogwira. Ndinali nditanyamulapo ana atatu, koma uyu ndinamulandira ngati mbale ya eni ake. Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira, wofunda, akununkhira mkaka. Anandipatsanso ambulera yothyoka nthiti imodzi kuti ndizimutchingira dzuwa. Pensulo ndinaisiya pawindo.

Kuchokera pano kukafika kusitolo si patali, inu mumathamanga kawiri mukatumidwa. Tsiku limenelo msewu unatalika. Amayi otsuka mbale anaimitsa manja. Pofika tinapeza mzere wazungulira kale mpaka kuseri, anthu mazanamazana, George yense ndi matumba ake. Phokoso linayamba kuzima kuyambira pamene tinaima, kumapita kutsogolo. Mtsikana wina wapakati anakoka bulauzi n'kudzilavulira pachifuwa, ine ndikuona. Ndinaima. Agogo anu anaima kumbuyo kwanga, manja atapinda.

Ba Mulenga anali anthu angapo patsogolo pathu. Anatembenuka, anayang'ana mwana, anayang'ana ine. Iye anali mmodzi wa amene ndinawauza kutavani kuti mbewu si yanga.

"Ba Profesa," anatero, "nanga uyu mwana ni wa ndani?"

"Ndi wanga," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ngakhale ine ndinawamva movutikira.

"Sanamve," anatero amake Tisa kumbuyo kwanga.

"Ndi wanga."

"Akutsogolo sanamve."

Ndinatseka ambulera. Ndinatuluka pamzere masitepe awiri, malo amene munthu sankawasiya ngakhale njoka idutse, ndinatembenuza mwana kuti nkhope yake ioneke, n'kukuwa mpaka mlonda wa pakhomo la sitolo anasuzumira. Ndinati uyu ndi Dalitso Sakala, mwana wa Lazalo Sakala, khungu lake analitenga kwa ine ndi kwa amake, ndipo zonse zimene ndinanena kutavani ndinanama. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Palibe anaseka, palibe anaomba m'manja. Ba Mulenga anayang'ana pansi, kenako anasuntha pang'ono kuti ndibwerere pamalo panga.

Tinaima mpaka dzuwa linapendeka. Ufa unatha kutatsala anthu asanu ndi mmodzi kuti tifike pakhomo. Tinabwerera ndi thumba lopanda kanthu, agogo anu patsogolo, ine pambuyo ndi mwana ndi ambulera. Titafika pakhomo anatembenuka, anatambasula manja kuti amulandire.

Ndinati, "Musiyeni, wagona."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsitsa manja n'kunditsegulira chitseko.